Hutala si buleki, adalaivala

Sabata yatha ndinkachokera ku Limbuli pa kabaza, ndipo zomwe ndinaona tisanafike pa Chitakale zikundivutabe mumtima. Kutsogolo kwathu kunali bambo ena achikulire, amsinkhu wa malume anga, atamanga matumba awiri a chimanga pa keliyala, lachitatu atalilowetsa pakati pa felemu. Wakuno ku Mulanje aliyense amazidziwa njinga zoterezi. Zimalawirira ku Muloza kukatenga chimanga chochokera ku Milange, tsidya la Mozambique. Njinga ikalemedwa choncho siikhota msanga, ndipo ukangoigwedeza pang'ono, katundu ndiye amayamba kukuwongolera.

Kumbuyo kunatulukira lole, kutsogolo kukubwera minibasi. Wa lole uja sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono, anangokanikiza hutala osalekeza. Bambo aja pothawitsa moyo anapatukira kumanzere. Koma pamalopo phula linadyeka kalekale, moti kuchoka pa phula kufika pa dothi pali kaphompho kakuya ngati chikhatho. Tayala lakutsogolo linatsika, lakumbuyo likadali pamwamba, njinga n'kugwa cham'mbali. Thumba lina linaphulika, chimanga mbwee m'ngalande. Loleyo sinaime.

Tinatsika kukawadzutsa. Bondo linali litasupuka, magazi akutsikira m'patapata, koma iwo maso ali pa chimanga. "Achimwene, za ine zisiyeni, ndithandizeni kuwola. Ndalama yake ndi yakatapila iyi." Tinawola ndi manja, chosakanikirana ndi mchenga chomwecho.

Chimene chikundiwawa n'chakuti panalibe chovuta chilichonse. Dalaivala akanangoponda buleki, kudikira minibasi idutse, kenako n'kuwalambalala bambowa mowapatsa mpata. Sizikanamutengera ngakhale mphindi imodzi. Koma pamisewu yathu pano hutala tinaisandutsa lamulo lakuti "choka, msewu ndi wanga". Wanjinga akachedwa kuchoka, wolakwa amakhala iyeyo, ndipo amatukwanidwa pawindo ngati walowa m'munda wa eni.

Ndinamvapo dalaivala wina wa Sienta akunena kuti anjinga salipira kanthu pamsewu, pomwe iwo amadulidwa ndalama pa mafuta, kulipira laisensi, inshulansi ndi zina. N'zoona amalipira. Koma ndi njinga iti inakumbapo dzenje pa phula? Ndipo nthochi za ku Thyolo, nanazi za kuno ku Mulanje, tomato ndi masamba omwe mumaimika galimoto kuti mugule pa Bvumbwe, zambiri zimafika pamsewupo zili pa keliyala. Mayi woyembekezera wochokera kumudzi komwe galimoto silowa, amafika kuchipatala pa kabaza. Otchola tiyi m'maesiteti ambiri amapalasa kusanache kuti akapezeke pantchito. Anthu amenewa sali pa phula chifukwa chokonda. Njira ina yoti adutse palibe.

Msewu wa M2 wodzera ku Thyolo ndi Luchenza uli ndi makona ndi zitunda zambiri pakati pa minda ya tiyi, ndipo wa Midima wodzera pa Nkando umakopa madalaivala kuthamanga poti ndi woongoka. Ikafika June ndi July, chiperoni chikagwa, munthu suona patali, mabuleki a njinga akanyowa sagwiranso bwino. Nthawi imeneyo ndimachita mantha ndikaona ana a sukulu atakwezana awiri kapena atatu panjinga imodzi.

Sindikuti anjinga alibe mbali yawo. Abale anga akabaza, ena mwa inu mumayenda usiku opanda nyali, opanda chonyezimira kumbuyo, mutavala jekete lakuda. Dalaivala amakuonani atafika kale pamsana panu. Ena mabuleki anatha kalekale, mumaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala, chonsecho mwanyamula munthu. Enanso mumapalasa kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto, kapena kukhota osakweza mkono. Mphira wa buleki ndi kagalasi konyezimira sizingafanane mtengo ndi tsiku limodzi logona m'chipatala. Atcheya a masiteji a kabaza, inu mumatha kuletsa munthu kunyamula pasiteji ngati sanapereke ya umembala. Muletseninso amene njinga yake ilibe mabuleki.

Koma wanjinga akalakwitsa kawirikawiri amavulala yekha, pomwe wagalimoto akalakwitsa amaikidwa m'manda ndi wina. N'chifukwa chake ndikulimbana kwambiri ndi inu ogwira chiwongolero, komanso akuluakulu oyang'anira misewu. Mukamakonza msewu musamangomata maenje apakati pomwe pamadutsa matayala a galimoto. M'mphepete momwe mwadyekamo ndi momwe mumayenda anthu ambiri, apansi ndi anjinga omwe. Thirani ngakhale dothi lamiyala kuti pafanane ndi phula, makamaka poyandikira misika ngati Limbuli, Chitakale ndi Luchenza, kuti munthu akapatuka asagwe.

Bambo aja tinawathandiza kumanganso matumba, lophulikalo titalisoka ndi luzi lomwe wakabaza wanga anali nalo. Kupalasa sikunathekenso poti limu yakutsogolo inali itapindika, masipoko atatu atathyoka. Tinawasiya akukankha njinga motsimphina kulowera ku Chitakale, akuti akafufuze wokonza amene angalole kulipidwa chimanga chikagulidwa.