Chenjezo kwa achinyamata olumikiza mabatire a lithium

Ana anga a ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Chikanda, kuthimathima kwa magetsi kwatitopetsa tonse, koma zimene ena mwa inu mukuchita zidzatentha nyumba za eni. Mukuphwasula mabatire akale a laputopu, n'kutolamo timabatire tozungulira totchedwa 18650 tosadziwika zaka zake, n'kutimanga pamodzi ndi selotepi, kenako n'kugulitsa kwa mayi wosalakwa kuti ana ake aziwerengera usiku. Kumeneko ndi kusasamala moyo wa anthu.

Mukalumikiza mu series, positive ya batire lina ku negative ya linzake, ma volt amawonjezereka: timabatire tinayi ta LiFePO4 (mtundu wina wa mabatire a lithium) ta 3.2V timapereka 12.8V. Koma kamodzi kakakhala kofooka kamadzaza msanga kuposa tinzake, chaja n'kumakakankhirabe mphamvu. Kabatire ka laputopu sikayenera kupitirira 4.2V, ndipo kakapitirira kamatentha mpaka kuyaka, moto n'kuyambukira tinzake. N'chifukwa chake BMS, kabolodi koyang'anira kabatire kalikonse, si kongokongoletsa ayi. Komanso si batire lililonse la 12V lokhala ndi BMS yake limene limalola series. Werengani zimene analemba opanga.

Parallel ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imaoneka yosavuta. Positive ku positive, negative ku negative, ma volt sasintha, batire limangokhalitsa lisanathe. Koma mukaphatikiza batire lodzaza ndi lina lomwe latha, mphamvu imathamangira m'lakuthalo popanda choiletsa, waya n'kufiira, pulasitiki n'kusungunuka inu muli chiyang'anire. Tchajani lililonse palokha, muliyeze ndi multimeter (kachipangizo koyezera ma volt), ndipo musawalumikize ngati akusiyana kuposa 0.1V. Batire lililonse likhale ndi fyuzi yake pafupi ndi positive, mawaya akhale okhuthala ndiponso ofanana kutalika. Musasakanize latsopano ndi lakale, la lithium ndi la asidi la m'galimoto, kapena LiFePO4 ndi timabatire ta laputopu.

Lekaninso kutchajira pansi pa bedi, pambali pa matiresi, m'nyumba ya malata yotseka mawindo m'kutentha kwa October. Batire lotupa kapena lonunkha litulutseni, muliike pamchenga kutali ndi udzu, osaliponya padzala pomwe mumatentha zinyalala.

Inunso makolo ndi eni nyumba za lendi, musanapereke ndalama kwa mnyamata amene wabwera kudzakuikirani sola, akuonetseni BMS ndi fyuzi, ndipo ayeze mabatirewo inu mukuona. Akakana, anyamule katundu wake.