Alangidwe wochita dala, osati yemwe netiweki yamutaya

Anzanga osewera magemu a pa intaneti kuno ku Mchinji, mkangano wathu ndi umodzimodzi tsiku lililonse. Timu yaluza, wina akuloza mnzake chala, kenako tonse tikukuwa kuti ameneyu alangidwe basi. Ine ndikuti chilango chikhalepo ndithu, koma chizigwera munthu amene wawononga dala.

Tengani PUBG Mobile, gemu yowomberana ya pa foni. Mumatsika anayi pakati pa anthu 100, ndipo gemu ya pa mapu a Erangel imatha kutenga mphindi 30. Chipolopolo cha mnzako wa m'timu sichikupweteka, koma grenade, molotov (bomba la moto) ndi galimoto zimapweteka. Ndiye munthu akaponya grenade m'chipinda chomwe akudziwa kuti mnzake akudzimanga mabala, n'cholinga choti atole katundu wake, palibenso chofunsa. Gemuyi ili ndi Merit, mapointi a khalidwe la wosewera, yomwe imayambira pa 100. Ukapha anzako, iwo n'kukuneneza, imatsika, ndipo ikafika pansi pa 60 sakulolanso kusewera awiri kapena anayi. Umasewera wekha mpaka ikwere. Chilango chimenechi ndimachikonda chifukwa chimalunjika pa mlandu weniweni: wazunza timu, akuchotsa m'timu, koma gemu sanakulande.

Povuta ndi pa munthu wosowa pakati pa gemu. Mu Mobile Legends mumakhala asanu mbali iliyonse, ndipo mmodzi akangoima, anayi otsalawo amakhala ngati akulima munda wa anthu asanu dzuwa likulowa. Gemuyi imadula Credit Score (mapointi a khalidwe) ya munthu wotero, ndipo ikatsika kwambiri sangalowenso ranked, gemu yomwe imakweza kapena kutsitsa rank (mlingo wa wosewera). Koma makina amangoona kuti msilikali wa m'gemu waima. Sadziwa ngati mwini wake wakwiya n'kuponya foni pamphasa kapena netiweki yadula. Kuno zodula netiweki n'zambiri. Amene amakhala kufupi ndi malire a Mwami amadziwa kuti foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia, bandulo n'kusiya kugwira ntchito nthawi yomweyo. Magetsi akazima usiku, batire imathera pakati pa nkhondo. Wina akakuimbira foni, data imatha kuima. Gemu ya pa kompyuta ya Dota 2 imapatsa munthu mphindi 5 kuti abwerere isanamuwerenge ngati wothawa, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino: kulakwa kamodzi kukhale chenjezo, kubwereza kawirikawiri ndiye kulangidwe.

Komabe tisabisale kuseri kwa netiweki. Ngati ukudziwa kuti kwanu imavuta, n'kulowabe ranked, mlandu wina ndi wako. Usanalowe, sankha netiweki pamanja m'malo moisiya pa automatic, makamaka ngati uli chakumalire. Ona ping, nambala yoonetsa kuchedwa kwa netiweki, usanalowe m'gemu: ikakhala pansi pa 100 zili bwino, ikamadumpha kupitirira 200 khala pa gemu yosakhudza rank kapena training. Batire ikhale yopitirira theka, chifukwa kusewera foni ili pachaja kumaitenthetsa ndipo ikatentha imayamba kukakamira. Zimitsa zoti WhatsApp izidzitsitsira yokha mavidiyo, funsa bandulo yotsala, ndipo uwauze a kunyumba kuti kwa theka la ola uli otanganidwa. Ngati mayi akudikira kuti ukatunge madzi, katunge kaye.

Wosadziwa kusewera musiyeni. Rank imamulanga kale pomutsitsa mpaka akapezeke ndi ofanana naye. Kumuneneza chifukwa waphonya kumangodzaza madandaulo abodza, ndipo olakwa enieni amabisala momwemo.

Mlandu umene umafuna maso a munthu ndi wokana kudzutsa mnzake. Kudzutsa wogwa mu PUBG Mobile kumatenga masekondi 10. Ngati mnzako wagwera poyera, adani akuwombera ndipo iwe ulibe smoke (bomba la utsi lobisalira), kusapita n'kuganiza bwino, chifukwa mukagwa awiri timu yatha. Koma ngati nkhondo yatha, mnzako akukwawa pafupi nawe, iwe uli kalikiliki kusankha scope (galasi la mfuti loonera patali) m'bokosi la katundu wa mdani mpaka iye kufa, kumeneko n'kudzikonda. Makina sangasiyanitse ziwirizi. Ife amene timasewera limodzi tingathe.

N'chifukwa chake magulu athu a pa WhatsApp, kaya ndi a pa Boma, pa Kamwendo kapena ku Mkanda, azikhala ndi malamulo olembedwa. Wodandaula abweretse kavidiyo kojambula sikirini, mawu okha asakwane. Woimbidwa mlandu ayankhe asanagamulidwe. Koyamba achenjezedwe, kachiwiri akhale panja masiku atatu, kachitatu achotsedwe m'timu. Wotukwana makolo a mnzake pa maikolofoni asapatsidwe n'chenjezo lomwe, chifukwa m'magulu amenewa muli ana a sukulu, ndipo mawa tikumana nawo pamsika.