Kafulati Kanga ka ku Avenues N'kakang'ono, Koma Sindikusamuka

Abale anga a ku Mufakose ndi ku Mabvuku, popeza nkhani ya kumene ndikukhala yayamba kukambidwa mpaka pamaliro, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze maganizo anga pano kamodzi kokha. Ndi zoona kuti ndikuchita lendi kafulati ka chipinda chimodzi ku Avenues, dera la pakati pa mzinda wa Harare, chakufupi ndi msewu wa Fife Avenue, m'nyumba yosanja imene inamangidwa mzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury. Bedi, tebulo ndi mpando wa alendo zonse zili m'chipinda chomwecho, ndipo m'khitchini mwake anthu awiri sangapatukirane. Azakhali anga atabwera kudzandiona anaima pakhomo, anamwazamwaza maso, n'kufunsa kuti, "Nanga nyumba yeniyeniyo ili kuti, mwanawe?"

Funso lawolo ndimalimvetsa. Ndalama zimene ndimapereka pamwezi, m'madola a ku America monga momwe eninyumba ambiri amafunira, zikhoza kundipezera zipinda zingapo ndi bwalo loyanikapo zovala ku Chitungwiza kapena ku Ruwa, matauni a kunja kwa Harare. Komatu amene amawerengera chonchi amaiwala kombi, maminibasi onyamula anthu aja. Ndinakhalako ku Chitungwiza, ndipo ndikudziwa kuwawa kwa kudzuka kusanache, kuima pamzere, kuthinana mumsewu wa Seke galimoto zikungokwawa, kenaka madzulo n'kupeza mtengo wakwera chifukwa choti kwagwa mvula. Lero ndimayenda wapansi mphindi 15 kukafika kuntchito, ndipo mu Okutobala ndimayenda ndikuponda maluwa a jakaranda. Ndikachotsera ndalama za kombi pa lendi yangayi, kusiyana kwake sikufika pamene anthu amaganizira.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti nyumba zakalezi zilibe vuto. Makoma ake ndi ochindikala moti wailesi ya aneba siimveka, mawindo ndi aakulu, pansi anayalapo timatabwa tosalala timene amisiri a masiku ano sataya nato nthawi, koma mapaipi ake anatopa kalekale. Ine ndinapusitsidwa ndi penti. Tsiku limene ejenti anandionetsa malowa ndinasirira kuyera kwa makoma, ndipo sindinaganize n'komwe zotsegula mpopi. Sabata yoyamba ndinazindikira kuti kuno kumwamba madzi amafika pakati pa usiku, ofiirira poyamba, ndipo chikepe chinafa zaka zapitazo. Munthu amene sananyamulepo chigubu cha malita 20 pamasitepe a nsanjika yachinayi asandiuze kuti kukhala m'tauni ndi ulesi. Zinthu zinasintha pokhapokha alendi ndi eni mafulati titasonkherana kukonzetsa pampu ya chitsime ndi kugula thanki.

N'chifukwa chake aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti akapita kukaona fulati asayambe ndi makatani. Atsegule mpopi, agujumule chimbudzi, ayang'ane kudenga ngati kuli madontho achikasu osonyeza kuti bafa la pamwamba limadontha. Afunse ngati mita ya ZESA, kampani yogulitsa magetsi, ndi yakeyake kapena ndi yogawana, chifukwa mayunitsi ogula anthu angapo amadanitsa ngakhale anthu opemphera mpingo umodzi. Afunsenso kuti ndalama ya mlonda, yosesa ndi ya pampu amalipira ndani, pakuti eninyumba ena amaitchula mwezi utatha kale. Pangano likhale lolembedwa, dipoziti ikhale ndi lisiti, ndipo ajambule ndi foni mng'alu uliwonse asanalowetse katundu. Ndi nzerunso kudutsako usiku, popeza misewu ina ya ku Avenues imasintha nkhope dzuwa likalowa.

Pali chifukwa china chimene sindichitchula kawirikawiri. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo anafikira ku Matapi, ku Mbare, m'mahositelo amene atsamunda anamangira amuna okhaokha ogwira ntchito m'tauni. Anali khukhi wa azungu mbali yomwe inoyi, koma malamulo a tsankho, kuyambira lija logawa malo la mu 1930, sankalola munthu wakuda kuchita lendi fulati kuno. Ankalowera khomo lakuseri. Anamwalira ali mtchona, osabwereranso kumudzi, ndipo ine mdzukulu wawo ndili ndi kiyi wa khomo lakumaso. Ena anganene kuti zimenezi sizilipira lendi, ndipo sindiwatsutsa, koma kwa ine zili ndi kulemera kwake.

Ndikadzakhala ndi banja ndidzafuna malo okulirapo, zimenezo sindikukana. Pakali pano azakhali aja, amene sanaione nyumba yeniyeni, akakhala ndi tsiku lokaonana ndi dokotala kuchipatala cha Parirenyatwa amabwera kudzagona kuno kuti m'mawa angoyenda wapansi. Iwo amagona pabedi, ine ndimayala mphasa pafupi ndi khomo la khitchini.