Tisamangodalira maso a namwino wotopa

Ndinakhalapo gadiyani wa mayi anga m'chipatala china kwa sabata ziwiri, vuto lake shuga. Usiku wina magetsi atazima, namwino anafika akuunika ndi foni, wodi yonse ali yekha. Atayang'ana pepala la dokotala anaima kaye, n'kuliyandikitsa kumaso. "Achimwene, amayiwa kunyumba mumawabaya mayunitsi angati?" Ndinati 10. Anapumira m'mwamba. Papepalapo panalembedwa 10U, kutanthauza mayunitsi 10, koma U uja anali atatsekeka kumutu, akuoneka ngati ziro. Insulin, mankhwala otsitsa shuga, mayunitsi 100 kwa munthu wamkulu amene nsima ya madzulo anangoigunda, bwenzi m'mawa tikuimba mafoni kumudzi.

Namwinoyu ndimamuthokozabe, koma zimandiwawa kuti chimene chinapulumutsa mayi anga ndi kukayikira kwa munthu mmodzi wotopa. Akanakhala wina wothamangira bedi lotsatira?

Ine ndikuti chipatala chilichonse, ngakhale chaching'ono cha kumudzi, chilembe mayina a mankhwala amene ukangophonya pang'ono amapha, chiwamate pakhoma pomwe amasungira mankhwala. Si ambiri ayi: insulin, morphine wochepetsa ululu, heparin ndi warfarin oletsa magazi kuundana, magnesium sulphate wa amayi oyembekezera amene BP yakwera, komanso potassium chloride, amene ukamubaya mumtsempha osamusungunula mtima umaima. Amenewa akhale ndi kabati yawoyawo ndi chizindikiro chofiira.

Choopsa china ndi timabotolo tofanana. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za tranexamic acid, mankhwala oletsa kutaya magazi, amene ena anawabaya pamsana molakwitsa powayesa mankhwala ochititsa dzanzi pa opaleshoni yobereketsa. Amayi ena anamwalira. Tangoganizani, timabotolo tiwiri tating'ono pathireyi imodzi, zilembo zake zofuna magalasi.

Ndikudziwa anamwino andiyankha kuti lamulo loti anthu awiri aziona mankhwala oterewa asanabaye ndi loto, wachiwiriyo achokera kuti usiku? Apo mwanena zoona, ndipo mlandu wake si wanu. Komatu chomata chofiira sichifuna malipiro. Kuletsa madokotala kulemba U, azilemba mawu onse, sikudikira bajeti ya boma.

M'buku la kuchipatala la mayi anga, tsamba loyamba, ndinalembamo ndekha ndi zilembo zikuluzikulu: INSULIN MAYUNITSI KHUMI. Aliyense wobwera ndi jakisoni ndimayamba ndamuonetsa pamenepo, kaya andiona ngati wovuta.