The Conjuring 2 mukuikweza mopitirira

Mwalemba kuti filimu yoopsa ya The Conjuring 2 imaposa yoyamba ija ya 2013. Ayi akulu, pamenepo ndakana. Yoyamba ndi ya mphindi 112, iyi ya 2016 ndi 134, ndipo zoonjezerazo ndi zimene zimapha mantha. James Wan, wotsogolera filimuyi, anafulumira kuonetsa nkhope ya Valak, chiwanda chooneka ngati sisitere chija. Chiwanda ukachiona bwinobwino, mtima umakhala m'malo. Yoyamba inkaopseza ndi kuwomba m'manja mumdima basi.

Tsono filimuyi imadalira kachetechete, kenako phokoso ladzidzidzi. M'mavidiyo a pa Kasungu boma womasulira amalankhula osapuma, sipika ili pamwamba, anthu amangoseka. Pabwino m'pomwe mzimu wa nkhalamba Bill Wilkins ukulankhula kudzera mwa mtsikana Janet, kamera osauonetsa bwino.