Nyimbo ndinayala ndine, dzina langa palibe

Kumudzi akamva kuti ndimagwira ntchito ya nyimbo ku London amangoti ndalemera. Amayi anandifunsa pafoni kuti, "Nanga pa TV sitikukuona bwanji, mwanangu?" Ndinasowa chowayankha.

Ntchito yanga ndi yoyala nyimbo, kuno amati orchestrator. Wopeka amanditumizira chuni chokhachokha, mwina atangong'ung'udza pafoni kapena atagogoda pa piyano. Ine ndiye ndigawe: apa alowe mavayolini, apa lipenga lidikire kaye, apa ng'oma zikhale chete kuti mawu a woimba amveke. Makutu amenewa ndinawanola ndi solofa mu kwaya ya mpingo ku Zomba, ndipo ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wonse. N'chifukwa chake zikundiwawa chonchi.

Chaka chatha kagulu kena ka zisudzo kanandipatsa nyimbo 16. Milungu isanu ndinkati ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba, n'kukhala pa kompyuta mpaka 3 koloko m'mawa, nditavala jekete ndi magolovesi odula zala, poopa bilu ya hita. Kutatsala milungu iwiri kuti sewero liyambe, bwana wa gululo akuti ndalama zachepa, oimba zida achoke pa 9 atsale 4, zotsalazo aziimba wa kiyibodi. Anthu osadziwa amayesa n'kungofufuta mizere isanu. Ayi ndithu, n'kuyambiranso, chifukwa chimene lipenga limanyamula sungangochiponyera munthu amene manja ake onse awiri ali kale pa ntchito. Ndinalembanso zonse, osawonjezeredwa ngakhale paundi imodzi. Tsiku lotsegulira ndinagula kabuku ka pulogalamu ndi ndalama zanga, n'kusanthula tsamba ndi tsamba. Wosoka zovala analimo, woyatsa magetsi analimo. Ine munalibe.

Ndinayamba ndaganiza kuti n'chifukwa choti ndine mlendo, ndipo mbali ina ndi zoona, mlendo amaopa kukangana kuti mawa angamumane ntchito. Koma vutoli ndi lakale. Woyala nyimbo Jonathan Tunick anayamba kuyalira wopeka nyimbo Stephen Sondheim masewero ake a ku Broadway, dera la zisudzo zikuluzikulu ku New York, mu 1970, koma mphoto ya oyala nyimbo pa mphoto za zisudzo za kumeneko zotchedwa Tony inadzakhazikitsidwa mu 1997, iye n'kukhala woyamba kuilandira. Kuno ku West End, dera la zisudzo zikuluzikulu mu London, sewero la nyimbo la The Phantom of the Opera litatsegulidwanso mu 2021 mliri wa Covid utachepa, oimba zida anatsika kuchoka pa 27 kufika pa 14. Ngati akuluakulu amenewo akudula chonchi, nanga ife a m'maholo ang'onoang'ono?

Za pa TV ndiye musanene. Ndinayalapo nyimbo ya pulogalamu ina, anandilipira kamodzi basi. Ikaulutsidwanso, ndalama za PRS, bungwe lotolera malipiro nyimbo ikaulutsidwa, zimapita kwa wopeka. Ndinaimva tsiku lina ikulira m'chipinda chochezera kuntchito, ine ndili ndi supuni m'manja ndikudyetsa agogo ena phala. Mavayolini anga aja analowa bwinobwino pamalo pake, ine misozi ili lengelenge.

Dzulo bwana uja watumizanso uthenga. Akufuna nditsitse nyimbo zitatu chifukwa woimba watsopano mawu ake sakufika pamwamba, ndipo za malipiro sanatchuleko n'komwe.