Pemphero la ife amene tinayamba bizinesi ndipo tili ndi antchito

Abale ndi alongo amene munayamba bizinesi ndi manja anuanu, kaya ndi shopu, chigayo, saluni, kaya muli ndi antchito awiri kapena 20, tiyeni tigwade limodzi, ine mtima wandilemera usiku uno.

Atate wathu wakumwamba, mwini siliva ndi golide, tikukuthokozani. Ena tinayamba ndi ndalama ya banki mkhonde, ena tinagulitsa mbuzi, ena tinalowa katapila ndipo mpaka lero sitimvetsa kuti tinatulukamo bwanji, koma Inu munatitulutsa. Ulemu ukhale kwa Inu.

Ambuye tabwera ndi nkhani ya malipiro a antchito athu. Mwezi ukamatha mutu umaima, lendi ikufunika, mayunitsi a magetsi atha, msonkho ukudikira, katundu wakweranso, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinabwerere m'chimake, ndiye mumtima mumabwera kamawu kakuti wantchito ndi amene adikire poti iyeyo sangatitsekere shopu. Tikhululukireni Atate, tikhululukireni. Munalamula pa Deuteronomo 24 kuti waganyu alandire zake dzuwa lisanalowe chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pomwepo. Yakobo 5 akuti malipiro amene tawamana aja amafuula, ndipo kulira kwa okolola kwalowa m'makutu mwanu. Ambuye mfuu imeneyo isachokere pa geti pathu, isachokere m'mabuku athu, isatchule dzina lathu pamaso panu.

Ine ndemwe Ambuye, ndisabisale mwa anzanga. Mukudziwa kuti ndimagula mtedza kwa alimi a ku Mchinji nkumapanga chiponde, ndipo pakhoma ndinalembetsa ndi penti kuti pano timagwira ntchito moopa Mulungu. Koma chaka chatha ndinachedwetsa malipiro milungu itatu, ndinaima pamaso pa antchito anga nkuwauza kuti ndalama palibe, chonsecho ndinali nditalipira kale galimoto yoti anthu aziona kuti zikuyenda. Mwana wa mtsikana wina wa kopakira anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mtsikanayo sanandiuze, ankangobwera m'mawa nkundipatsa moni mwaulemu ngati kale, ndinamvera kwa mnzake. Moni ameneuja amandibayabe mpaka pano. Ndinachimwa Atate, ndinanama, ndipo ndinanamiza anthu amene amandikhulupirira. Ndisambitseni. Monga Zakeyu sanangolira koma anabweza kanayi, ndipatseni mphamvu yobweza ndi yopepesa ndi pakamwa panga, ngakhale kwa mwana amene ndingathe kumubereka.

Tikupempherera masikelo athu. Mlimi walima dzinja lonse, wakumba, waanika, wasenda, wapalasa njinga ndi thumba kumbuyo, ndiye ife timudyere kilo imodzi kapena awiri poti sadziwa kuwerenga sikelo? Miyambo 11 ikuti muyeso wonyenga umakunyansani. Ngati pali sikelo yogwiragwira mu bizinesi mwathu tionetseni, ngati wogula wathu kumudzi akuchita zimenezi m'dzina lathu ife nkumatseka maso chifukwa phindu likubwera, tidzutseni Ambuye, tisagone tulo mpaka titakonza.

Ndipo inu abale amene mumakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi, chakhumi mumapereka anthu akuona, pa pepa sande dzina lanu limatchulidwa, koma mlonda wanu watha miyezi iwiri osalandira, lekani zimenezo! Mulungu sapusitsika. Yambani mwalipira mlondayo kenako mubwere ndi envulopu yanuyo. Ndikuyankhula ndi inu koma ndikudziuzanso ndekha.

Yehova tiphunzitseni kutsogolera. Tipangeni ngati Boazi amene ankafika kumunda nkupatsa moni okolola kuti Yehova akhale nanu, iwo nkumudalitsa, ndipo anauza anyamata ake kuti asamuvute Rute, azimusiyirako dala zokunkha. Atsikana amene amagwira ntchito kwathu akhale otetezeka, pasapezeke bwana kapena kapitawo wofuna thupi la mwana wa mwini kuti amulembe ntchito, mzimu umenewo tikuukana m'dzina la Yesu. Tipangeni ngati Nehemiya amene zaka 12 anali kazembe koma sanadye chakudya cha ukazembe poti anthu anali pa mavuto. Ifenso zikavuta tiyambe ndi kudula zathu.

Tichotsereni mtima woti zonse ndichite ndekha, makiyi ndekha, ndalama ndekha, foni ya Mpamba ndekha, osakhulupirira munthu mpaka thupi kudwala. Yetero anamuuza Mose kuti ulema nazo izi, sankha anthu oopa Mulungu, oona, odana ndi phindu lachinyengo. Mutu umodzi susenza denga Ambuye, titumizireni anthu otero, ndipo akabwera tiwaphunzitse ntchito osaopa kuti mawa adzatsegula yawo. Akatiuza kuti bwana apa mwalakwitsa, tipatseni makutu, tisawachotse ntchito chifukwa anena zoona.

Pa ziphuphu tigwireni dzanja. Mukudziwa maofesi amene pepala silisuntha popanda kangachepe, mukudziwa ma tenda amene tinaluza chifukwa tinakana, anzathu amene anapereka lero amanga nyumba ife tikadali pa lendi, zimawawa Atate, sindinama zimawawa. Koma Inu simugona, simuodzera, simunasiyepo wolungama. Titonthozeni, tilimbitseni, tsegulani khomo lina limene munthu sangatseke.

Amene akuganiza zotseka mwezi uno mukumane nawo. Amene ngongole yawafika pakhosi muwapatse njira. Amene sakudziwa kuti pa 30 alipira chani antchito, Yehova Yire onekerani, tumizani makasitomala, amene ali nafe ngongole akumbutseni. Musatipatse umphawi kapena chuma choti tikuiwaleni nacho, mutidyetse chakudya chotiyenera, ife ndi mabanja onse amene amadya kudzera pa bizinesi zathuzi.

Mawa ndikatsegula geti mundiperekeze Ambuye, ndikamuitane mtsikana uja ndikamupepese.

M'dzina la Yesu Khristu Mpulumutsi wathu, Amen.